Ana akuloweza Mendel koma chimanga cha kwawo sakuchimvetsa: tithandizane nzeru

Aphunzitsi Jere, Angónia
Moni nonse, makolo ndi aphunzitsi anzanga. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo. Ndimaphunzitsa Biologia kalasi 10 ndipo panopa tili pa genética, phunziro la mmene ana amatengera maonekedwe kwa makolo. Ana alemba zonse za Mendel m'makaderno, malamulo ake akuwanena pamtima, kabokosi ka zipinda zinayi kaja akukadzaza msangamsanga, AA, Aa, Aa, aa. Ndiye mtsikana wina wabwera ndi chisononkho cha chimanga choyera chokhala ndi njere zachikasu apo ndi apo, akufunsa kuti zatheka bwanji pamene mayi ake anadzala choyera chokhachokha. Funsolo ndinaliponya kwa turma yonse. Wina akuti ndi feteleza, wina akuti ndi dzuwa, ambiri angoti chete, ngakhale aja amapeza 16 ndi 17 pa prova. Awatu ndi ana obadwira m'chimanga, amapalira, amakolola, amatong'ola ndi manja awo. Sukulu yathu ilibe laboratório, microscópio amangoiona pa chithunzi. Inu anzanga mumatani kuti za m'kaderno zikumane ndi zimene mwana amaona kunyumba?

Aphunzitsi Mbewe, Moatize
Achimwene, mtima wanu ndaumva, koma tinene zoona. Phunziro limodzi ndi mphindi 45, ana adzaza mpaka pakhomo, mabuku ndi ochepa moti mukapanda kuwalembetsa ndiye kuti kunyumba alibe chowerenga. Programa ndi yaitali ndipo exame siidikira munthu. Tsiku la pauta palibe kholo limene lidzakufunseni za chisononkho, onse adzayang'ana ngati mwana wafika pa 10. Ine ndimalembetsa, ndimabwereza mafunso a zaka zam'mbuyo, ana amakhoza. Zina zija adzakaziona ku yunivesite.

Nabanda wa ku Tsangano
Aphunzitsi a ku Moatize, ana athu angati amene amafika ku yunivesiteko? Ambiri amabwerera kuno kudzagwira khasu ndi ife. Ngati sukulu siiwauza za chimanga adzamvera kuti? Inenso njere zachikasuzo ndimaziona chaka ndi chaka m'mizere ya kumalire, ndipo ndikufuna ndimve yankho lake.

Chikondi wa Agronomia, Ulónguè
Amayi, mwalitchula kale yankho pamene mwati mizere ya kumalire. Ngayaye ya pamwamba ija ndiye mbali yachimuna, imatulutsa mungu. Ndevu za pachisononkho ndiye njira ya ku mbali yachikazi, ndipo ndevu iliyonse imapita ku njere imodzi yokha. Mphepo imatenga mungu kuuwaza m'munda monse mpaka m'minda yoyandikana. Ndevu imene yalandira mungu wa chimanga chachikasu cha aneba, njere yake imatuluka yachikasu chaka chomwecho, pamene zinzake pachisononkho chomwecho ndi zoyera. Tinganene kuti njere za pachisononkho chimodzi mayi ndi mmodzi koma abambo angakhale ambiri.

Chimene chimachititsa kuti mtunduwo uoneke msanga chotere ndi ichi. Kambewu kamodzi ka mungu kamanyamula maselo awiri achimuna. Limodzi limakumana ndi dzira n'kupanga kamtima kamene kadzamere. Linalo limakumana ndi manúcleo awiri a mayi n'kupanga endosperma, gawo lija timagaya kukhala ufa. Chikasucho chili mu endosperma, ndipo gene (kanthu ka m'selo konyamula maonekedwe ochokera kwa makolo) yachikasu imaphimba yoyera. M'buku la za zomera zimenezi zilimo, amazitcha dupla fecundação, kungoti ana amaziloweza chaka china, genética n'kudzabwera chaka china, osadziwa kuti ndi nkhani imodzi.

Nabanda wa ku Tsangano
Ndiye chisononkho chokhala ndi mipata, njere apa ndi apo, ndi ndevu zimene sizinalandire mungu?

Chikondi wa Agronomia, Ulónguè
Eya amayi, kawirikawiri ndi zimenezo. Kukachita ng'amba nthawi imene chimanga chikumasula, ndevu zimachedwa kutuluka, zikamadzatuluka mungu watha kale. N'chifukwa chake ng'amba ya nthawi yomasula imapweteka kuposa ya nthawi ina.

Agogo Maseko, Domué
Ana anga, ine choko ndinachisiya kalekale koma nkhaniyi yandidzutsa. A Jere, mtsikana ameneyo wakubweretserani laboratório m'manja. Mendel amene mukuwalembetsayo analibe makina. Anali wansembe mumzinda wa Brno ku Ulaya, anali ndi dimba la nsawawa kuseri kwa nyumba ya ansembe, ndipo ntchito yake yaikulu inali kuwerenga njere. Anapeza zosalala 5474 ndi zamakwinya 1850. Pa mtundu anapeza zachikasu 6022 ndi zobiriwira 2001. Muwapatse ana manambala amenewa agawe okha, aona kuti akuyandikira 3 pa 1 koma sakukwanira ndendende. Pamenepo ndi pamene mwana amazindikira kuti 3 pa 1 sinagwe kumwamba, munthu anakhala pansi n'kuwerenga. Anasindikiza mu 1866, anthu osalabadira, mpaka mu 1900 pamene ena anazitulukiranso iye atamwalira kale.

Chimanga chimaposa nsawawa pa ntchito imeneyi, chifukwa chisononkho chimodzi chili ndi njere mazana angapo zitandandalikidwa kale m'mizere. Mwana angotenga cholembera n'kumadontheza pa njere iliyonse imene wawerenga.

Aphunzitsi Jere, Angónia
Zikomo agogo. Koma chisononkho chimene chili m'manja mwangachi sichipereka 3 pa 1, zachikasu ndi zowerengeka chabe chifukwa zangobwera ndi mphepo. A Chikondi, tingachite bwanji kuti tipeze chisononkho choonetsa lamulolo?

Chikondi wa Agronomia, Ulónguè
Aphunzitsi, musataye njere zachikasuzo, ndizo mbewu yanu. Iliyonse mwa izo ili ndi gene yoyera ya mayi ndi gene yachikasu ya bambo, ndiye Aa wanu uja. Njira zilipo ziwiri.

Yoyamba imafuna khama. Mudzale njerezo. Kachisononkho kakangoyamba kuoneka, ndevu zisanatuluke, mukaveke kathumba ka pepala. Ndevu zikatuluka mkati mwa kathumbamo, madzulo muveke thumba lina pa ngayaye ya phesi lomwelo. M'mawa mame akauma mugwedeze ngayayeyo, mungu ugwere m'thumba, muuthire pa ndevu msangamsanga n'kuvekanso. Mungu wa chimanga suchedwa kufa, musauyendetse padzuwa. Chisononkho chimenecho chidzatuluka ndi zachikasu pafupifupi zitatu pa yoyera imodzi. Mudzaonanso kuti zachikasuzo sizifanana, zina zakupsa kwambiri zina zotuwirako, chifukwa endosperma ili ndi magene atatu a mtunduwo, awiri a mayi ndi imodzi ya bambo. Ana awerenge zonse zachikasu pamodzi.

Yachiwiri ndi yosavuta. Mudzale njerezo pakati pa chimanga choyera, kutali ndi chachikasu chilichonse, ndipo ngayaye zake muzizule zikangosuzumira, zisanayambe kuwaza. Zidzalandira mungu woyera wokhawokha, ndipo chisononkho chidzakhala theka chikasu theka choyera. Kumeneko ndiko kukwatitsa Aa ndi aa (choyera chija), funso limene limabwera kawirikawiri pa mayeso.

Aphunzitsi Mbewe, Moatize
Zokoma kumva, koma taonani kalendala. Tili mu June. Mudzala liti, mukolola liti? Pofika nthawi imeneyo ana ali pa exame, mutu wa genética unadutsa kale.

Nabanda wa ku Tsangano
Ku dimba timadzala mu Ogasiti chisanu chikatha, chifukwa kuno m'madambo chisanu chimawamba mbewu. Pofika Okutobala chamasula. Aphunzitsi a Jere, palibe kholo la kufupi ndi sukulu limene lingakane kukupatsani mizere iwiri. Mukapemphe pa msonkhano wa makolo.

Aphunzitsi Jere, Angónia
Ndiye zitheka chonchi: ana a chaka chino adzale ndi kuveka matumba, zisononkho tiziumitse tisunge, a chaka chamawa adzawerenge n'kudzalanso za anzawo obwera m'mbuyo. A Mbewe, kuwerengako sikudya nthawi. Magulu a ana asanu, gulu lililonse chisononkho chake, manambala onse pa bolodi, tiphatikize. Phunziro limodzi latha.

Nabanda wa ku Tsangano
Pepani ndibwererenso. Nanga haibulidi uja amatiuza kuti tisabwereze kudzala, ndi nkhani yomweyi kapena ndi nzeru za ogulitsa mbewu?

Chikondi wa Agronomia, Ulónguè
Ndi nkhani yomweyi amayi. Mbewu ya m'paketi ndi F1, ana oyamba a makolo awiri osiyana osankhidwa bwino, n'chifukwa chake munda umakula mofanana, msinkhu umodzi, kumasula nthawi imodzi. Mukatenga za m'nkhokwe n'kudzalanso, imeneyo ndi F2, magene aja agawikana, phesi lina lalitali lina lalifupi, lina lofulumira lina lochedwa, zokolola n'kutsika. Chamakolo ndi mbewu zina zimene amazitcha OPV mungabwereze, bola muzisankha zisononkho zabwino za pakati pa munda, osati za kumalire. Mwana wa kalasi 10 akamvetsa F1 ndi F2 ayenera kutha kuwafotokozera zimenezi makolo ake.

Tadala, kalasi 12
Ndilankhuleko ngati mwana wasukulu, mundikhululukire akuluakulu. Ife sitiloweza chifukwa cha ulesi. Timaloweza chifukwa chiganizo chimene tikulembacho sitikuchimva, ndiye chotsala n'kuchisunga mmene chilili kuti tikachibweze pa prova. Kunyumba timalankhula Chichewa, panjira Chichewa, ndiye m'kalasi mubwere heterozigótico, fenótipo, segregação, zonse m'Chipwitikizi chothamanga. Ukafunsa anzako amaseka katchulidwe kako, mawa sufunsanso. Zimene alemba a Chikondi pamwambapa ndaziwerenga kamodzi ndipo ndazimva, pamene dupla fecundação ndinailoweza osadziwa kuti ikunena za ufa umene timadya. Amene makolo awo ali ndi ndalama amapita ku explicação, kumene amawafotokozera pang'onopang'ono, nthawi zambiri m'Chichewa momwemo. Enafe timangodalira kaderno.

A Zulu, Zóbuè
Mwanawe wanena zoona. Ine sukulu ndinaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, tinabwerera mtendere wa 1992 utabwera. Kumeneko vuto ndi lomweli, kungoti chilankhulo ndi Chingerezi. Chimene ndinachiona chosiyana n'chakuti pa mayeso omaliza sekondale, a MSCE, pali pepala lochita ndi manja, amakuikira tsamba kapena mbewu patebulo kuti ujambule ndi kuyankha. Chifukwa cha pepala limenelo mphunzitsi amakakamizika kubweretsa zinthu m'kalasi ngakhale sukulu ikhale yosauka. Kwathu kuno exame ndi yolemba yokha, ndiye a Mbewe sindikuwadzudzula, akuphunzitsa zimene zimafunsidwa.

Agogo Maseko, Domué
Za chilankhulozi si zachilendo m'chigawo chathu. Boma litayamba kuyesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri, pa ntchito ija inkatchedwa PEBIMO kuyambira 1993 mpaka 1997, linasankha malo awiri, Gaza ndi Chichangana, Tete ndi Chinyanja chathuchi. Zinakathera ku pulaimale, ku sekondale sizinafike. Koma mphunzitsi wanzeru amadziwa pamene ana atayika, nkhope zimaoneka. Pamenepo ima, fotokoza m'chilankhulo cha kwawo, akagwedeza mitu bwerera ku Chipwitikizi uwapatse dzina la chinthucho.

Aphunzitsi Mbewe, Moatize
Agogo, ku Domué zimenezo zitheka chifukwa ana onse ndi a chilankhulo chimodzi. Kuno ku Moatize m'turma imodzi muli Anyungwe, Achewa, Asena, ena ochokera kumwera makolo awo anabwerera ntchito za malasha. Ndikayamba Chichewa ndasiya ena ambiri. Komanso mwana amene sanazolowere kulemba yankho m'Chipwitikizi adzagwa ngakhale akudziwa nkhaniyo. Ndaona ana otere, pakamwa akufotokoza bwino, papepala chiganizo chosamveka.

Aphunzitsi Jere, Angónia
Apo mwanena mfundo, ndipo ndi chifukwa chake ine ndikuona kuti chinthu chogwirika m'manja chingakuthandizeni inu kuposa ine. Chisononkho sichisankha Mnyungwe kapena Mchewa. Akambirane m'magulu m'chilankhulo chimene akufuna, koma lipoti alembe m'Chipwitikizi, ziganizo zawozawo zitatu kapena zinayi, osati zokopera. Kulemba kumene mukukudandaulako aphunzira pomwepo.

Anaphiri, namwino ku Macanga
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, tsopano ndilowepo. Aphunzitsi nonse, mutu umenewu musauone ngati wa mayeso chabe, ife kuchipatala timakumana ndi zotsatira zake. Mayi akabereka mwana wachialubino, pamakhala mabanja ena amene bambo amanyamuka, achibale n'kumanena kuti mayiyo anayenda kumbali kapena analodzedwa. Chonsecho nkhani yake ndi kabokosi komweko ka zipinda zinayi. Bambo ndi Aa, mayi ndi Aa, onse akhungu lakuda, onse anyamula gene yobisala osadziwa. Pa mimba iliyonse mpata woti mwana atenge yobisalayo mbali zonse ziwiri ndi umodzi pa inayi. Mwanayo thupi lake silipanga melanina yokwanira, chinthu chimene chimadetsa khungu, basi. Amafunika chipewa, malaya a manja aatali, mafuta oteteza kudzuwa, ndi kukhala kutsogolo m'kalasi chifukwa maso amavutika. Tonse tikudziwa zoopsa zimene anthu achialubino akumana nazo m'dziko muno ndi ku Malawi chifukwa cha zikhulupiriro zabodza. Mnyamata amene anawerenga njere ndi manja ake n'kuona zoyera zikutuluka kwa makolo achikasu, tsiku limene mkazi wake adzabereke mwana wotere adzakhala ndi poyambira kuganiza.

Chinanso muwatsindikire: umodzi pa inayi sukutanthauza kuti pa ana anayi mmodzi yekha. Mimba iliyonse imayambira pachiyambi. Banja lingakhale ndi awiri otsatizana, lina osakhala naye ndi mmodzi yemwe.

Agogo Maseko, Domué
Mawu amenewa ndi olemera, Anaphiri. Pa mfundo yomalizayo a Jere atenge makobidi awiri, ana aponye kambirimbiri n'kumalemba. Gulu limodzi lipeza zokhotakhota, koma mukaphatikiza za turma yonse ziyandikira 1, 2, 1. Za mwana wamwamuna kapena wamkazi nazonso ndi za mwayi, ngati kuponya kobidi limodzi. Ma cromossoma athu, amene amanyamula magene, ndi 46, awiriawiri 23. Dzira la mayi limanyamula X nthawi zonse, mbewu ya bambo ndi imene imabwera ndi X kapena Y. Amayi ambiri anyozedwa pa chinthu chimene sichichokera kwa iwo.

Bambo Ngozo, Calómuè
Ine ndine kholo, ndili ndi ana aakazi awiri ku sekondale. Za chimanga ndagwirizana nazo zonse. Koma pamene mwafika pa mbewu ya bambo ndi dzira la mayi, mtima wanga sukhazikika. Kwathu nkhani zimenezi zili ndi eni ake, anamkungwi ndi azakhali, ndipo zimanenedwa pa nthawi yake. Mphunzitsi wamwamuna kuima kutsogolo kwa atsikana ndi anyamata pamodzi n'kumajambula ziwalo pa bolodi, mwana amabwera kunyumba wamanyazi, ena amakayesa zimene amva. Sindikunyoza sukulu, ndikungonena mmene ambiri a ife timaonera.

Anaphiri, namwino ku Macanga
Bambo Ngozo, nkhawa yanu ndi ya kholo lokonda ana, sindingaipeputse. Koma atsikana amene amafika kwa ife ndi mimba ali ndi zaka 14 kapena 15, ukacheza nawo umapeza kuti sadziwa n'komwe mmene msambo umayendera, anauzidwa ndi anzawo kuti kamodzi sikapereka mimba. Sanapwetekedwe ndi phunziro, anapwetekedwa ndi kusadziwa. Thupi la msinkhu umenewo silinakhwime, ubereki umavuta, ena amatsala ndi fistula, bala la mkati lochititsa mkodzo kapena chimbudzi kumangotuluka. Anamkungwi ali ndi gawo lawo la mwambo ndi ulemu, mphunzitsi ali ndi gawo lofotokoza mmene thupi limagwirira ntchito. Chimene ndingapemphe aphunzitsi n'chakuti mutuwu aziuphunzitsa ndi nkhope yaulemu, osalola nthabwala, ndipo mafunso ana azilemba pa timapepala topanda dzina.

Aphunzitsi Jere, Angónia
Bambo Ngozo, kwathu timachita zofanana ndi zimene anena Anaphiri, ndipo pa mafunso ena atsikana amakhala ndi mphunzitsi wamkazi paokha. Mukafike kusukulu ya ana anu mukaone buku ndi kucheza ndi mphunzitsi wake, ndi ufulu wanu.

Bambo Ngozo, Calómuè
Ndamva. Za mphunzitsi wamkazizo zandikhazikako mtima pansi, ndikazinena pa msonkhano. Koma ndikanakondabe kuti makolo tiziuzidwa mutuwo usanayambe.

Aphunzitsi Nyirenda, mzinda wa Tete
Ndachedwa kulowa. Ine ndibwerere ku funso loyamba la laboratório, chifukwa kuno kotentha chimanga cha m'dimba si chapafupi kwa mwana wa mu bairro. Chimene chimandigwirira ntchito kwambiri ndi mphutsi za udzudzu. Ana amatunga madzi a m'zithaphwi ndi m'matayala akale m'mabotolo oonekera, kukamwa kwa botolo timamanga kachidutswa ka neti. Ukaika botolo pawindo n'kudikira madzi adekhe, umaona mitundu iwiri ndi maso okha. Mphutsi za Culex zimalendewera mutu pansi, kachubu kopumira kali pamwamba pa madzi. Za Anopheles, udzudzu wofalitsa malungo, zilibe kachubuko, zimagona chopingasa pansi penipeni pa nkhope ya madzi. Ukagogoda botolo zonse zimathawira pansi mopindikapindika, kenako n'kubwerera kudzapuma. Kukatentha, pasanathe masabata awiri ana amaona chilichonse, mphutsi kusanduka kanthu kopindika ngati chizindikiro cha koma (vírgula), kenako udzudzu kutuluka n'kuima pa madzi. Pamenepo ndimayamba za malungo: kuti woluma ndi wamkazi chifukwa akufuna magazi okhwimitsira mazira, kuti Plasmodium, yoyambitsa malungo, imayamba yakhala m'chiwindi isanalowe m'maselo ofiira, kuti Ronald Ross anaipeza m'mimba mwa udzudzu mu 1897. Mwana amene waona mphutsi ikubwera kudzapuma safunsanso chifukwa chake timakwirira zithaphwi.

Pomaliza musatsegule neti. Thiranimo madzi a sopo kudzera pa netiyo, zife zonse.

Tadala, kalasi 12
Aphunzitsi, zimenezi ndikayesa ndekha kunyumba. Nanga osmose? Imabwera kwambiri m'mafunso okonzekera mayeso olowera ku yunivesite ndipo imandisokoneza mbali imene madzi amapita.

Aphunzitsi Nyirenda, mzinda wa Tete
Iwe uli kwawo kwa mbatatesi, ife kuno timachita kugula yochokera kwanuko. Dula timizere tiwiri tofanana kutalika, uyeze ndi rula. Kamodzi uike m'madzi wamba, kena m'madzi osungunulira mchere wambiri. Pakatha ola limodzi kapena awiri utulutse. Ka m'madzi wamba kakhala kolimba, ukakapinda kathyoka. Ka mumchere kafota, kafewa, kafupikako. Madzi atuluka m'maselo kupita kumene kuli mchere wambiri. Ukagwira ndi zala zako sudzasokonezanso. Ndi chifukwa chomwecho feteleza wothira pafupi kwambiri ndi phesi nthaka ili youma amawotcha mbewu, ndiponso nsomba yothira mchere siiwola msanga.

Anaphiri, namwino ku Macanga
Tadala mwana wanga, ngati ukufuna za udokotala kapena unamwino, Biologia ndi Química uzigwire zonse ziwiri mofanana. Ambiri amakonda Biologia n'kunyalanyaza inzakeyo, ndiye imawagwetsa. Sukulu zili pafupi, UniZambeze ili ndi faculdade ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi ya zaulimi ku Ulónguè komweko. Ukafuna uphunzitsi kuli UniPúnguè.

Aphunzitsi Mbewe, Moatize
A Nyirenda, za mbatatesi ndi udzudzuzo ndingathe, sizifuna munda. Ine chimene ndimachita kale ndi cha ayodini wa ku farmácia: kadontho pa phala kapena pa mbatatesi kamasanduka kakuda kopita ku buluu, umboni wa amido (sitachi). Ukasakaniza phala lozizira lamadzimadzi ndi malovu n'kudikira, mtunduwo umachepa chifukwa amilase ya m'malovumo yagaya amidoyo. Koma ndibwerezabe, anzanga, zonsezi zikutuluka m'thumba la mphunzitsi ndi nthawi yake. Ayodini ndigule ndine, mabotolo ndisake ndine, turma zisanu ndi imodzi. Tisamachite ngati kusowa kwa laboratório ndi chinthu chabwino. Mwana wa ku Tete ayenera kuona selo pa microscópio monga mwana wa ku Maputo. Tikazolowera kudzipangira, amene ayenera kutipatsa zipangizo adzati zikuyenda.

Agogo Maseko, Domué
Apa ndili nanu a Mbewe. Kupempha musaleke, mulembe makalata kudzera ku conselho ya sukulu chaka ndi chaka. Selo silioneka ndi maso, palibe chisononkho chimene chingalowe m'malo mwa microscópio. Koma mwana amene ali m'kalasi 10 chaka chino sadzabwereranso m'kalasi 10 zipangizo zikadzafika. Ziwirizi ziyendere limodzi.

A Zulu, Zóbuè
Pa za microscópio, ndinamva za ina yopinda ndi pepala yotchedwa Foldscope, anaipanga a Manu Prakash ndi anzawo ku Stanford. Imakuza kokwana ka 140, maselo a kakhungu ka anyezi amaoneka. Ngati pali wina pagulu pano amene ali ndi m'bale kunja kapena amagwira ntchito ndi mabungwe a zamaphunziro, atifunsireko mmene tingaipezere.

Aphunzitsi Nyirenda, mzinda wa Tete
Ngakhale imodzi yeniyeni pa sukulu ingasinthe zambiri. Kumene iliko nthawi zina imangokhala m'kabati mwa adirekitala kuopa kuti iwonongeka. Sukulu zoyandikana zingathe kumabwerekana, sabata ino kuno, sabata yamawa uko, ndi kaundula wosainira.

Aphunzitsi Jere, Angónia
Zikomo nonse, kaderno yanga yadzaza. A Chikondi, funso lina lomaliza. Kutsogoloku tili ndi ecologia, ndipo pali kayendedwe ka nitrogénio kamene ana amangojambula mivi osamva. Kuno soya ndi nyemba zili paliponse. Ndiwaonetse chiyani?

Chikondi wa Agronomia, Ulónguè
Muwaonetse timatuza ta ku mizu. Mpweya umene timapumawu magawo 78 pa 100 ndi nitrogénio, koma chomera sichingautenge chokha. Mabakiteriya a gulu la Rhizobium amalowa m'mizu ya nyemba, soya, mtedza ndi nandolo, amapanga timatuzato, n'kumasandutsa nitrogénio wa mumpweya kukhala chakudya cha mbewu, mbewuyo n'kumawapatsa shuga. Inoculante wakuda uja alimi a soya amapaka ku mbewu asanadzale ndi mabakiteriya omwewo. Ana adule katuza kamodzi ndi lezala: kakakhala kofiirira mkati ndiye kakugwira ntchito, koyera kapena kobiriwira sikakugwira. Muikenso muzu wa chimanga pambali aone kuti ulibe, ndiye muwafunse chifukwa chake chimanga chimachita bwino pamene panali soya chaka chatha. Soya wa kumunda panopa anakololedwa kale, mugwiritse nyemba za m'dimba, makamaka zikayamba maluwa.

Nabanda wa ku Tsangano
Ndipo muwauze anawo akumbe ndi khasu, atenge ndi dothi lake lomwe, akatsukire m'beseni pang'onopang'ono. Akazula ndi manja timatuzato timathothoka n'kutsalira pansi, adzafika kusukulu ndi mizu yokhayokha. Apemphenso kaye kwa mwini dimba, phesi limodzi pa gulu ndi lokwanira.